Mwana Wochenjera Amene Malembo Amamukana

M'chaka cha 1896, m'tauni ya Seaford, m'mbali mwa nyanja kummwera kwa England, munali dokotala wina dzina lake W. Pringle Morgan. Tsiku lina anamubweretsera mnyamata wa zaka 14 amene sanali kumva kupweteka paliponse. Maso ake anali kuona bwino lomwe, polankhula anali wochangamuka, ndipo pamasewera sanali kutsalira m'mbuyo mwa anzake. Chimene chinasautsa akwawo n'chakuti mnyamatayo, amene anali m'manja mwa aphunzitsi kuyambira ali ndi zaka 7, sanali kutha kuwerenga. Malembo anawadziwa atavutika nawo nthawi yaitali, koma akati awalumikize kuti patuluke mau, zinali kukanika. Ngakhale dzina lake lomwe, Percy, anali kulilemba Precy. Chodabwitsa n'chakuti manambala anali kuwawerenga mosavuta ndipo masamu anali kuwakonda. Mphunzitsi wake anachitira umboni kuti maphunziro onse akanakhala a pakamwa pokha, mnyamatayo akanaposa anzake onse pasukulupo.

Dokotalayo analemba nkhaniyi m'magazini ya madokotala yotchedwa British Medical Journal mu Novembala chaka chomwecho, ndipo vutolo analitcha khungu la mau lobadwa nalo. Dzina limene linakhazikika pambuyo pake ndi lakuti dyslexia, lochokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kuvutika ndi mau. Analitchukitsa ndi Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa ku Stuttgart ku Germany, m'buku lake la 1887, ngakhale kuti iye anali kunena za akuluakulu amene kuwerenga kunawathawa chifukwa cha matenda a mu ubongo.

Papita zaka zoposa 125, koma mwana wonga Percy akupezekabe m'sukulu iliyonse, kaya ndi ku London, ku Chitipa, ku Nsanje kapena ku Chipata. Akatswiri amawerengera mosiyanasiyana, malinga ndi pamene aika malire, koma ambiri amanena za ana 5 mpaka 10 mwa ana 100 alionse. Kotero m'kalasi ya Sitandade 1 ya ana 100 mungakhale ana asanu kapena kuposerapo a mtundu umenewu. Ana otere ali ndi maina amene anthu anawapatsa kalekale: waulesi, mbuli, wogona, mutu wouma. Kumudzi ena amanong'ona kuti mwanayo anachita kumutchera kuti asaphunzire. Komatu ndi mwana yemweyo amene amasimba nthano ya agogo ake osaphonya ndi pamodzi pomwe, amadziwa ng'ombe iliyonse ya m'khola ndi dzina lake, ndipo akamutuma kumsika amabwera ndi chenji chokwanira.

Tsono chimavuta n'chiyani? Kwa zaka zambiri anthu anaganiza kuti vuto lili m'maso. Mu 1925 dokotala wa ku Iowa ku America, Samuel Orton, anachita chidwi ndi ana osokoneza b ndi d ndiponso owerenga mau chobwerera m'mbuyo, ndipo mpaka lero ambiri amakhulupirira kuti chimenechi ndicho chizindikiro chachikulu. Koma ana ochuluka amatembenuza malembo akamayamba kulemba, ndipo amaleka okha akamafika zaka 7 kapena 8. Mwana wa Sitandade 1 amene walemba dala m'malo mwa bala asachititse makolo kusowa tulo. Kafukufuku wa zaka zotsatira anasonyeza kuti muzu wa vutoli uli kwina, m'mene ubongo umagwirira maliwu a chilankhulo.

Munthu akamalankhula, mau amatuluka athunthu. Wonena kuti nyumba saganiza kuti wanena zidutswa. Amaona denga ndi khomo basi. Koma kulemba kumafuna kuti mau aphwanyidwe, poyamba m'maphatikizo, nyu ndi mba, kenaka m'maliwu ang'onoang'ono, ndipo liwu lililonse lipatsidwe lembo lake. Ana ambiri amatulukira chinsinsi chimenechi m'miyezi yowerengeka. Mwana wa dyslexia makutu ake amamva bwino, koma mau amakhala ngati mwala umodzi wosasweka. Mphunzitsi akamufunsa liwu loyamba la mau akuti fisi, iye angayankhe kuti ndi nyama yoyenda usiku. Sanalakwe kumvetsa, anapita kutanthauzo chifukwa liwu silinamuonekere. Lembo limene waphunzira Lolemba limakhala litachoka pofika Lachinayi, popeza linalibe liwu loligwira m'mutu.

Umboni wa zimenezi unaoneka bwino mu 1983, pamene Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku yunivesite ya Oxford anafalitsa zotsatira za ntchito yawo. Iwo anatenga ana pafupifupi 400 a zaka 4 ndi 5, amene anali asanayambe kuwerenga, ndi kuwauza mau atatu kapena anayi kuti atchule amene sakumveka mofanana ndi anzake. Patapita zaka zingapo anapeza kuti ana amene anavutika ndi seweroli ndiwo anatsalira powerenga ndi polemba. Anapezanso chinthu chopatsa chiyembekezo: ana ofooka amene anaphunzitsidwa kumvetsera maliwu, makamaka pamene maliwuwo anasonyezedwa ndi malembo ogwirika ndi manja, anapita patsogolo kuposa anzawo amene sanalandire chithandizo chotere.

Phunziro lake n'lakuti vutoli limamveka mwana asanagwire pensulo. Mayi watcheru angakumbuke kuti mwana wake anachedwa kulankhula, ndipo atayamba anali kupotoza mau aatali mpaka atakula ndithu. Mlezi wa pasukulu ya mkombaphala angaone kuti mwana wina amakonda kuimba ndi kuvina, koma mau a nyimbo samagwira m'mutu mwake, ndipo masiku a pamlungu amawasokoneza ngakhale awabwereze kangati. Pali ana ena amene chinthu amachidziwa bwino lomwe koma dzina lake limachedwa kubwera, kotero pakamwa pawo sipachoka mau akuti ujeni ndi chakuti. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene pachokha chingagamule mlandu. Ana amakula mosiyana, ndipo ambiri ochedwa kulankhula amadzawerenga popanda vuto. Koma zizindikiro zikasonkhana pa mwana mmodzi, makamaka ngati pamtundu pali wina amene sukulu inamukanika chifukwa cha kuwerenga, mwanayo ngofunika kumuyang'anitsitsa.

Za pamtunduzi si nkhambakamwa. Mu 1993 akatswiri a yunivesite ya Jyväskylä ku Finland, motsogozedwa ndi Heikki Lyytinen, anayamba kutsatira ana pafupifupi 200 kuyambira pa kubadwa kwawo. Theka la anawo anabadwa m'mabanja amene kholo linali ndi dyslexia. Atafika pasukulu, ana a m'mabanja amenewa ndiwo anachuluka kwambiri pakati pa ovutika kuwerenga. Ofufuzawo anapezanso kuti zinthu ziwiri zosavuta kuyesa, kudziwa malembo ndi kufulumira kutchula maina a zinthu zozolowereka, zinkalosera bwino lomwe za mwana amene adzavutike. Mu 2016 Margaret Snowling ndi Monica Melby-Lervåg anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'maiko ambiri, napeza kuti mwa ana 100 a m'mabanja otere, pafupifupi 45 amadzakhala ndi vutoli. Bambo amene anasiyira sukulu pa Sitandade 3 chifukwa malembo anamukana, pamene aona mwana wake akulimbana ndi buku, asafulumire kuthyola mkwapulo. Mwina akuona ubwana wake womwe.

Apa m'pofunika kunenapo za Chichewa, pakuti zilankhulo sizilembedwa mofanana. M'Chingerezi lembo limodzi limamveka mosiyanasiyana: a wa m'mau akuti cat si a wa mu cake, ndipo si a wa mu call. M'Chichewa a ndi a nthawi zonse, ndipo mwana amene wagwira a, e, i, o, u pamodzi ndi ba, be, bi, bo, bu, monga anachitira akuluakulu ambiri pa buku la Sosa, angathe kuwerenga mau amene sanawaonepo. Kalembedwe kathu kali ndi mipata yake, monga mau akuti mtengo, amene amalembedwa chimodzimodzi kaya ndi wa m'nkhalango kapena wa pamsika, koma kwakukulu n'kokhulupirika. Mu 2001 gulu lotsogozedwa ndi Eraldo Paulesu linayerekeza anthu a dyslexia a ku Italy, France ndi England. Zithunzi za ubongo zinasonyeza kufooka kwa mtundu umodzi kumbali ya kumanzere mwa onsewo, koma a ku Italy, amene kalembedwe kawo n'kolongosoka ngati ka Chichewa, analakwitsa pang'ono powerenga kuyerekeza ndi enawo.

Umenewu ndi mwayi, koma ndi msamphanso. M'chilankhulo cholembedwa molongosoka, mwana wa dyslexia kawirikawiri amafika powerenga molondola, koma pang'onopang'ono, phatikizo limodzilimodzi, ngati munthu wowoloka mtsinje podumpha miyala. Akamafika kumapeto a chiganizo amakhala ataiwala kumene chinayambira. Mphunzitsi amene akungomvetsera zolakwa amamudutsa, poti sanalakwe. Chimene chimamuulula ndi nthawi imene watenga, ndiponso kope lake. Mmenemo phala amalemba pala, khola amalemba kola, ndipo mau okhala ndi malembo ounjikana monga nkhwangwa, ntchentche ndi mphwayi amatuluka mosiyana katatu patsamba limodzi. Mwana wotere angakwawe mpaka Sitandade 4 osadziwika. Koma Chingerezi chikachuluka m'makalasi apamwamba, amagwa mwadzidzidzi, ndipo aliyense amadabwa kuti chamugwira n'chiyani. Atsikana amabisika kwambiri. Kafukufuku wa Sally Shaywitz ndi anzake ku Connecticut, wofalitsidwa mu 1990, anasonyeza kuti sukulu zinali kutchula anyamata ochuluka zedi, pamene mayeso enieni anapeza atsikana ambiri ovutika amene panalibe anawaona. Mnyamata wolephera amasokosa ndi kutulutsidwa panja. Mtsikana wolephera amakhala chete kumbuyo ndi kukopera za mnzake.

Palinso vuto lina limene sitingalilambalale. Pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere m'Malawi mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi anadzaza kuposa mphamvu ya aphunzitsi ndi mabuku. Mayeso a kuwerenga amene anachitika m'dziko muno mu 2010 anapeza kuti oposa theka la ana a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale mau amodzi a kankhani ka Chichewa. Sikuti ana onsewo anali ndi dyslexia ayi. Wina anabwera ndi njala, wina anajomba mwezi wathunthu ndi malungo, wina khutu lake limatuluka mafinya ndipo samva bwino, wina saona pabolodi, wina kwawo amalankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena ndipo Chichewa akuchiphunzira kumene, ndipo ambiri sanagwirepo buku ndi manja awo. Tsono pakati pa khamu lotere, mwana wa dyslexia angadziwike bwanji, kumene kulibe katswiri wa mayeso?

Yankho labwino linachokera ku Albany ku America. Mu 1996 Frank Vellutino ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatenga ana a kalasi yoyamba otsalira kwambiri powerenga, ndi kupatsa aliyense mphunzitsi wake kwa theka la ora tsiku lililonse. Patangotha chigawo chimodzi cha chaka, pafupifupi awiri mwa atatu alionse anafanana ndi anzawo. Amenewa anangosowa kuphunzitsidwa mokwanira. Koma panatsala kagulu kamene kanasuntha pang'ono chabe ngakhale kanalandira chithandizo chomwecho, ndipo anawa ndiwo anali ofooka kwenikweni pa maliwu. Kunena kwina, chithandizo chenichenicho ndicho chinakhala sefa. Mphunzitsi wa kumudzi alibe theka la ora la mwana aliyense, zimenezo n'zodziwika. Koma angathe, pakutha pa teremu yoyamba, kuitana ana mmodzimmodzi kwa mphindi ziwiri, kuwasonyeza malembo amene aphunzira kale, ndi kulemba m'kope amene sadziwa. Angapatule ofookawo m'kagulu ka asanu kapena asanu ndi mmodzi kwa mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, enawo akulemba. Pakapita milungu ingapo, ambiri adzakhala atatuluka m'kagulumo. Amene atsala, amene sajomba, amaona ndi kumva bwino, ndipo polankhula ngochenjera, ndiwo ofunika kuwagwira dzanja mwapadera, kaya dzina la vuto lawo lalembedwa papepala kapena ayi.

Chimene chimapha ana ambiri ndi mau akuti adzatha akadzakula. Mu 1988 Connie Juel anafalitsa za ana amene anawatsatira kuyambira kalasi yoyamba mpaka yachinayi, ndipo anapeza kuti mwa ana 10 otsalira powerenga pakutha pa chaka choyamba, pafupifupi 9 anali otsalirabe pakutha pa chaka chachinayi. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake Keith Stanovich anali atafotokoza chifukwa chake. Mwana wowerenga mosavuta amakonda kuwerenga, kotero amawerenga zambiri, amakumana ndi mau atsopano, ndipo amanka nakhwima. Wovutika amathawa buku, ndipo mpata wa pakati pa awiriwa umakula chaka ndi chaka, mpaka kufalikira ku maphunziro ena onse amene amadzera m'buku. Akale anati m'mera m'poyamba. Kubwereza kalasi pakokha si mankhwala, pakuti mwana amangolandira chakudya chomwe chija chinamukanika kumeza, koma tsopano atakhala pakati pa ang'ono ake. Ndipo pali bala lina losaoneka. Mwana amene tsiku ndi tsiku amaimiritsidwa kuti awerenge anzake akuseka, kenaka n'kupatsidwa chikwanje kuti akatchetche bwalo, amafika pokhulupirira kuti ndi mbuli. Akafika pamenepo, kudimba, kunyanja kapena ku ukwati wa ubwana kumakoma kuposa sukulu.

Kaphunzitsidwe kamene kamathandiza si kachilendo. M'zaka za m'ma 1930 Anna Gillingham ndi Bessie Stillman, potsatira maganizo a Orton, anakonza njira yophunzitsa liwu limodzi ndi lembo lake panthawi imodzi, mwadongosolo, mwana akuona, akumva, akutchula ndi kulemba zonse pamodzi. Umboni wamphamvu wa masiku ano uli pa dongosololo: kuphunzitsa poyera mgwirizano wa liwu ndi lembo, kuyambira zosavuta, kubwereza kawirikawiri, osalumpha sitepe. Zipangizo zake zili paliponse. Mwana angalembe ph pamchenga ndi chala akutchula, ataika dzanja pakamwa kuti amve mpweya umene umatuluka pa phala koma sutuluka pa pala. Angaumbe malembo ndi dongo. Zitsekerero za mabotolo zolembedwa maphatikizo zingasuntheke kuti ma ndi la apange mala, kenaka lama. Ndondomeko ya kuwerenga imene boma la Malawi linayambitsa m'sukulu zonse mu 2016 inatsata njira ya maliwu, malembo ndi maphatikizo, imene ili yoyenera ana onse. Mwana wa dyslexia safuna njira ina. Amafuna njira yomweyo koma yochuluka, yodekha, ndi yobwerezedwa mpaka liwiro libwere.

Kholo limene silidziwa kuwerenga lisadzione ngati lilibe gawo, popeza maziko a ntchitoyi ali pakamwa. Potongola chimanga madzulo, mayi angafunse ana kuti atchule zinthu zoyamba ngati mbuzi: mbale, mbatata, mbewa. Angaombe nawo m'manja pa phatikizo lililonse la maina a m'banjamo, kuti aone dzina lalitali ndi la yani. Angatembenuze mau mwa nthabwala, nyumba n'kukhala mbanyu, ana n'kumasulira. Nthano, ndagi ndi nyimbo zimadzaza mutu wa mwana ndi mau, ndipo mwana wodziwa mau ambiri ali ndi pogwira pamene malembo akumuvuta. Mkulu wake wa Sitandade 6 angamuwerengere mokweza maphunziro ena, kuti nzeru zisadikire kuwerenga. Choyamba pa zonse, mwanayo apite kuchipatala akapimidwe maso ndi makutu. Magalasi amathandiza mwana wosaona bwino, koma sachiza dyslexia, ndipo mu 2009 mabungwe a madokotala a ana ndi a maso ku America ananena poyera kuti magalasi a mitundumitundu ndi maseweretsa maso alibe umboni wakuti amachiza vutoli.

Ku Zambia kunayesedwa chinthu china. Ofufuza a ku Jyväskylä aja anapanga sewero la pa foni ndi kompyuta lotchedwa GraphoGame, limene mwana amamva liwu m'makutu ndi kusankha lembo lake, ndipo sewerolo limabwereza zimene mwanayo akulakwitsa popanda kutopa kapena kukalipa. Mogwirizana ndi University of Zambia analikonza m'Chinyanja ndi kuliyesa pa ana a giredi yoyamba mu Lusaka. Zotsatira zofalitsidwa mu 2014 zinasonyeza kuti ana anapindula, makamaka pamene aphunzitsi awo nawonso analidziwa sewerolo. Makina anathandiza, koma sanalowe m'malo mwa mphunzitsi.

M'Malawi muno koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira, ndipo ofesi ya maphunziro ya boma lililonse ndiyo ingalozere kholo kumene kuli mphunzitsi wotere. Aphunzitsiwa ngochepa poyerekeza ndi ana owafuna, kotero kholo lisadikire kuti katswiri afike kaye. Lipite kwa mphunzitsi wa kalasi litanyamula makope a mwana, lifotokoze zimene linaona kuyambira ali wamng'ono ndi za ena a pamtundu, ndipo lipemphe zinthu zotheka: mwanayo akhale kutsogolo, asawerengetsedwe mokweza mwadzidzidzi pamaso pa anzake, apatsidwe nthawi yoonjezera polemba, ndipo nthawi zina afunsidwe pakamwa kuti zimene akudziwa zioneke.

Dyslexia siitha ngati chimfine. Ambiri amene anathandizidwa msanga amawerenga bwino, ngakhale kalembedwe kamawavutabe ndipo tsamba limawatengera nthawi kuposa anzawo. Kwa mwana amene wafika kale Sitandade 5 kapena 6 asanadziwike, khomo silinatsekeke, koma ntchito imakula: amayenera kubwerera ku maliwu amene anawaphonya ali ndi zaka 6, ndipo zimenezi zimafuna malo obisika kwa anzake, mabuku osaoneka achibwana, ndi munthu wamkulu mmodzi womufotokozera momveka kuti vuto lake lili ndi dzina, kuti lili ndi ana ena ambiri m'maiko onse, ndi kuti aziyamba mawa lake ndi malembo asanu aja, a, e, i, o, u, kwa mphindi 20 ena ataweruka.